Mestrado yosamala ndi kukonza zinthu zakale: munthu wa ku Angónia ayambire pati?

Naphiri_Ulónguè

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi licenciatura ya uphunzitsi wa História, ndipo mtima wanga uli pa ntchito imene pa Chipwitikizi amati conservação e restauro: kusamala ndi kukonza ziboliboli, zithunzi, mabuku akale ndi zina zotere. Kwathu kuno m'matchalitchi ena ziboliboli zamtengo zikugwetsa ufa pansi, mabuku a ubatizo akutha ndi njenjete, ndipo wofuna kuthandiza amangogula penti wamafuta n'kupaka. Mestrado ya ntchito imeneyi imapezeka kuti? Pepala la História lingandilowetse? Nanga ndikonzekere chiyani ndisanapemphe malo? Chingerezi ndimamva, koma cholembera mayeso sichinakwane.

Mbewe_Songo

Achemwali, poyamba tisiyanitse ntchito ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Pali gestão do património: kulemba malo akale m'kaundula, kutsata malamulo, kufukula pansi, kuyendetsa myuziyamu. Zimenezi mukazipeza ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, ku dipatimenti ya Arqueologia e Antropologia, ndipo História yanu ikuyenererani bwino kumeneko. Ndiye pali ntchito ya patebulo, pomwe chinthucho chili m'manja mwanu ndipo inuyo ndi amene mukusankha mankhwala oti achikhudze. Mwafunsa yachiwiriyi. Imeneyi imakhala pa mafuwa atatu: mbiri ya chinthu, luso la manja ndi Química. Fuwa limodzi muli nalo kale. Lomwe limavuta anthu ochokera ku História ndi lachitatulo.

Taonani chifukwa chake. Chithunzi cha penti wamafuta chikakhalitsa, vanishi wa pamwamba amasanduka wachikasu. Pomuchotsa mumafuna chosungunulira chomwe chidye vanishiyo koma chisiye penti wa pansi. Acetona, etanol ndi white spirit sizigwira mofanana. Mukalakwitsa, thonje lanu limabwera ndi mtundu wa nkhope ya woyera wojambulidwa pachithunzipo, ndipo zimenezo sizibwezeka. N'chifukwa chake aphunzitsi amafuna munthu wodziwa pH (muyeso wa asidi mu chinthu), wodziwa chomwe chimasungunula chinzake, mmene guluu amakalambira, mmene chitsulo ndi mkuwa zimachitira dzimbiri. Masukulu a ku America monga Winterthur ku Delaware ndi New York University (NYU) amachita kulemba poyera kuti wopempha malo akhale atakhoza Química Geral ndi Química Orgânica, zonse ndi labu yake. Ena salemba, koma chaka choyamba chidzakufunsani zomwezo. Lembetsani ma cadeira awiriwa pa yunivesite iliyonse yomwe ingakuloleni, kuti aoneke pa pepala. Kulinso kosi yophunzirira kutali ya International Academic Projects ku London, yotchedwa Chemistry for Conservators. Ndi ya m'Chingerezi, ndiye chilankhulocho chimakhwimirako pomwepo.

Tsopano masukulu. Yapafupi ndi University of Pretoria, yomwe mu 2019 inayamba mestrado ya Tangible Heritage Conservation, ya zaka ziwiri, mothandizidwa ndi Mellon Foundation. Ku South Africa mestrado imafuna digiri ya honours, choncho licenciatura yanu iyambe yapita ku SAQA, bungwe lomwe limanena mlingo wa pepala lochokera kunja. Musadikire kuti yunivesite ikuuzeni, chifukwa kuunikako kumatenga nthawi ndipo chaka chawo chimayamba mu February. Ife a m'maiko a SADC timalipira fizi yofanana ndi eni dziko, n'kuwonjezerapo ndalama ya olembetsa ochokera kunja. Ku Eastern Cape, pa Twee Riviere, kuli South African Institute for Heritage Science and Conservation, komwe amapereka dipuloma ya omaliza kale digiri, yotsamira kwambiri pa ntchito ya manja. Konse kuwiriku n'Chingerezi chokhachokha, ndipo angakufunseni mayeso a Chingerezi a IELTS.

Ku Portugal chilankhulo si vuto. Universidade NOVA de Lisboa ku Caparica ndi yolimba pa sayansi, Instituto Politécnico de Tomar ndi wodziwika ndi ntchito ya patebulo, ndipo ku Porto kuli Escola das Artes ya Universidade Católica. Koma pali msampha. Ku Ulaya bungwe la E.C.C.O. limati conservador-restaurador ndi munthu wophunzira ntchitoyi zaka zisanu, kutanthauza licenciatura ya zaka zitatu ndi mestrado ya zaka ziwiri, zonse za conservação. Mukalowa mestrado yokha kuchokera ku História, ngakhale akulandireni, mukakhala m'kalasi ndi anthu omwe agwira kale bisturi, kampeni ka ntchitoyi, zaka zitatu. Alembereni mufunse mwachindunji ngati amalandira a maphunziro ena, ndi ma cadeira angati omwe angakuwonjezereni. Nthawi zina njira yoongoka ndi kubwerera ku licenciatura yawo n'kupempha kuti ma cadeira anu a mbiri awawerengere. Zimawawa kumva, koma zimaposa kulipira zaka ziwiri n'kutuluka ndi pepala lopanda manja.

Mapepala: certificado ndi mndandanda wa ma cadeira onse wokhala ndi magiredi ndi maola, zotsimikizidwa ku unduna woona za kunja ndi ku consulado ya dziko lomwe mukupita. A ku South Africa amafunanso kuti awamasulire womasulira wolumbira. Za bolsa yang'anani Instituto de Bolsas de Estudo, bungwe la Camões la ku Portugal, ndi Commonwealth, poti Mozambique inalowa m'bungweli mu 1995. Bolsa ya ku Britain ya Chevening imalipira mestrado ya chaka chimodzi chokha, pomwe makosi ambiri a patebulo ndi a zaka ziwiri kapena kuposa.

Nangondo_Moatize

AMbewe anena za masukulu, ine ndinene za fuwa lachiwirilo, chifukwa pa intavyu adzafuna kuona zomwe manja anu achita. Ndipo mchemwali, chonde, musaphunzirire pa ziboliboli za kutchalitchiko.

Gulani miphika iwiri yadothi pamsika, muiswe. Musanathire guluu, lumikizani mapale onse ndi tepi ya pepala kuti mudziwe lomwe liyambe. Mukayamba chisawawa phale lomaliza limakana kulowa. Yambirani pansi pa mphika kukwera kumlomo, ndipo muuimike m'beseni la mchenga kuti phale lililonse likhale ndi kulemera kwake. Guluu wake ndi Paraloid B-72, timibulu toonekera tomwe mumasungunula mu acetona. Magalamu 5 mpaka 10 mu mamililita 100 ndi opaka m'mphepete mwa phale kuti dothi lisamwe guluu yense. Akauma mumamata ndi wokhuthala, magalamu 40 mpaka 50 mu mamililita 100. Amakondedwa chifukwa sasanduka wachikasu ndipo acetona yomweyo imamumasula ngakhale patapita zaka. Super glue, epoxy ndi cola branca ya akalipentala zimagwira zolimba, koma wobwera pambuyo panu adzavutika kuzichotsa osaphwanya dothi.

Kuno kwathu kuli vuto lomwe mabuku a ku Ulaya sachedwapo. B-72 amayamba kufewa pa madigiri 40, ndipo mu mzinda wa Tete mu October ndi November chipinda chamalata chimadutsa pamenepo. Mphika waukulu womatidwa bwino umatha kupendama pang'onopang'ono uli pa shelefu. Kumalo otentha amagwiritsa B-48N, yemwe amafewa pa madigiri 50, kapena B-44 pa 60. Acetona nayo imawira pa madigiri 56, ndiye masana imathawa guluu asanagwire n'kusiya thovu pamsoko. Gwirani ntchitoyi m'mamawa, mazenera ali otsekula, kutali ndi moto.

Za kutchalitchi zomwe mungachite popanda kuononga ndi kulemba lipoti la mmene chinthu chilili, abambo mfumu atalola. Chipatseni nambala, muyeze msinkhu ndi m'lifupi mu masentimita, mulembe chomwe chinapangidwira, mujambule mbali zonse ndi pansi pomwe rula ili pambali. Kenako zimitsani magetsi, muunike ndi tochi chammbali: ming'alu ndi penti wotukuka zomwe masana sizioneka zimatuluka zonse. Sindikizani chithunzi chimodzi mulembepo pomwe pali vuto lililonse. Malipoti oterewa, pamodzi ndi miphika yanu yojambulidwa isanasweke, itasweka ndi itamatidwa, ndiye portfólio yanu.

Ufa womwe ukugwawo ndi wa mphutsi zomwe zili mkati mwa mtengo. Timabowo ta milimita imodzi kapena ziwiri ndi pomwe zinatulukira zitakula. Kuti mudziwe ngati zikadali zamoyo, sesani bwino, yalani pepala lakuda pansi pake, mudikire masabata awiri. Ufa watsopano wowala ukagwa ndiye kuti zikudya. Chotsani chimenecho pakati pa zinzake. Osapaka oilo wakuda, dizilo kapena parafini, chifukwa zimalowa mu mtengo, sizitulukanso, ndipo guluu aliyense amakana pambuyo pake. Mapiritsi oteteza chimanga aja musawaganizire n'komwe: mpweya wake umadya mkuwa ndi siliva, ndipo m'nyumba umapha munthu.

Mtengo wosapakidwa, nsalu, nthenga ndi mabuku zimachiritsidwa ndi congelador. Kulungani chinthucho mu pepala lofewa, muike mu pulasitiki yokhuthala, mutulutse mpweya, mutseke, muikenso mu ina. Congelador ikhale itafika kale madigiri 20 pansi pa ziro ndipo isadzaze, chifukwa tizilombo tikazizira pang'onopang'ono timazolowera. Masiku 7 osatsekula. Magetsi akathima pakati, yambiraninso kuwerenga. Mukatulutsa musamasule mpaka maola 24 atatha, kuti thukuta lituluke kunja kwa pulasitiki osati pa chinthucho. Koma chiboliboli chopakidwa penti, chithunzi cha pansalu, minyanga ndi ng'oma yokunga siziyenera kuzizira chonchi, zimang'aluka. Zimenezo amazitsekera m'thumba lapadera losalowa mpweya, ndi timapaketi tomwa okosijeni, mpaka atatsika pansi pa 0,3%, kwa masiku 21. Pulasitiki wamba okosijeni amadutsa. Imeneyo ndi ntchito yodikira muphunzire.

Mabuku a ubatizo: fita-cola ayi, kuwapulasitika ayi, kuwayanika padzuwa ayi. Inki yakale yabulauni ili ndi chitsulo ndi asidi, imadya pepala yokha, ndipo madzi amafulumizitsa zimenezo. Sesani ndi pincel yofewa kuchokera pakati pa buku kupita kunja, mutavala chophimba pamphuno, mujambule tsamba lililonse, muwagoneke m'bokosi.

Jere_Tsangano

Zonse zanenedwazi n'zoona, koma ine ndikusiyana pang'ono ndi aMbewe pa kuika maso ku Ulaya. Mlongo wathu akufuna kudzagwira ntchito kuno, ndiye aganizirenso Brazil. Ku yunivesite ya UFMG mu Belo Horizonte kuli CECOR, malo omwe akhala nthawi yaitali akukonza ziboliboli zamtengo zopakidwa za m'matchalitchi a ku Minas Gerais, mdziko la chiswe ndi chinyezi ngati lathu. Ku Pelotas, yunivesite ya UFPel ili ndi mestrado ya Memória Social e Patrimônio Cultural. Chilankhulo ndi chomwechi, ndipo boma la Brazil lili ndi bolsa za PEC-PG za mestrado ndi doutoramento. Dziwani kuti kumeneko ntchito ya patebulo imaphunzitsidwa kwambiri pa digiri yoyamba, pomwe mestrado imatsamira ku kafukufuku. Msampha wa ku Portugal uja uliponso, wangovala malaya ena.

Chinanso, tisanamizane: m'chigawo chathu ntchito yaikulu si kuchotsa vanishi. Ndi denga lodontha, mileme, chiswe, fumbi la malasha ku Moatize, ndi katundu wounjikidwa pansi m'chipinda chopanda kaundula. Munthu wodziwa kuteteza amapulumutsa zinthu mazana pa nthawi yomwe wa patebulo akukonza chimodzi. Bungwe losamala zinthu zakale la ICCROM ku Roma lili ndi njira yotchedwa RE-ORG yokonzeranso zipinda zosungira katundu, ndipo mabuku ake ali pa intaneti aulere. Yambani nayo lero. Chilichonse chichoke pansi masentimita 15, shelefu isagunde khoma kuti mizere ya chiswe izioneka, nsalu ndi mapepala zisaone dzuwa; pozionetsa kuwala kusapitirire 50 lux pa muyeso wa kuwala.

Manambala a m'mabuku, madigiri 20 ndi chinyezi cha 50%, musawaloweze ngati katekisimu. Ar condicionado yoyaka masana n'kuzima usiku imaononga kuposa kusakhala nayo, chifukwa mtengo umatupa ndi kufota tsiku ndi tsiku, penti n'kumasuka. Chinthu chomwe chakhala zaka zambiri m'nyumba imodzi chinazolowera nyengo ya pamenepo. Choopa ndi chinyezi chokhalitsa pamwamba pa 65 kapena 70%, pomwe nkhungu imamera. Ku Angónia kumtunda, kuyambira December mpaka March, zimenezi n'zachizolowezi, pomwe kumunsi kwa Zambezi mdani ndi kutentha ndi kuuma. Chigawo chimodzi, mavuto awiri osiyana. Pezani ka datalogger, kachipangizo kolemba kutentha ndi chinyezi ola lililonse, mukaike mu sakristiya chaka chathunthu. Manambala amenewo ndi mutu wa kafukufuku wa mestrado wokonzeka kale, ndipo kalata yanu yopempha malo idzasiyana ndi za ena ongoti ndimakonda chikhalidwe.

Ngati mtima ungakokere ku nyumba, monga tchalitchi cha Boroma kapena linga la São Tiago Maior mu mzinda wa Tete, imeneyo ndi nthambi ina, ya akatswiri a zomangamanga. Lamulo lake loyamba n'lakuti khoma la laimu silipakidwa simenti kapena penti wamafuta. Madzi amatsekeredwa mkati, mchere umakwera, pulasitala n'kugwa ndi njerwa zomwe. Amakonza ndi laimu wonyikidwa miyezi itatu kapena kuposa, muyeso umodzi pa itatu ya mchenga. Kokaonera ntchito imeneyi ndi ku Ilha de Moçambique.

Za ntchito mukadzabwerako, malo aboma ndi ochepa, ndipo ambiri ali ku Maputo ndi Nampula: Museu Nacional de Arte, Arquivo Histórico de Moçambique, Museu Nacional de Etnologia. Kumeneko n'komwenso mungapemphe estágio panopa, ngakhale ya mwezi umodzi wa tchuthi, kuti mupeze wokulemberani kalata yokuchitirani umboni. Pepala lakunja mudzalipititse ku INECE, ofesi yaboma younika mapepala a maphunziro, kuti lidziwike kuno.

Naphiri_Ulónguè

Zikomo kwambiri nonse. Ndaona kuti ndili ndi chaka chathunthu cha ntchito ndisanalembe kalata. Funso lina: ndikadzasankha nthambi, kodi za gule wamkulu ndi zojambula za m'mapanga zimalowa pati? Zimenezi ndiye zathu zenizeni kuno. Komanso Paraloid uja ndingamupeze kuti?

Phiri_Furancungo

Mwana wa kwathu, za gule ndiyankha mosamala, poti pano ndi pagulu. Kusukulu zimalowa mu nthambi ya objectos etnográficos, zinthu zosakaniza mtengo, nthenga, khonje, chikopa, nsalu ndi utoto pa chinthu chimodzi. N'zovuta chifukwa chokomera mtengo chimatha kuononga nthenga. Pulogalamu ya yunivesite ya UCLA ndi bungwe la Getty ku Los Angeles ndi yodziwika pa zimenezi, ndipo chomwe amalimbikira ndi kufunsa eni ake musanakhudze.

Kwa ife mfundo imeneyo si yachilendo. UNESCO inalemekeza gule wamkulu mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma chomwe inalemekeza ndi mwambo wamoyo. Zilombo zina sizikhalitsa mwadala, ntchito yake ikatha zimatha nazo, ndipo kuziteteza kuti zisaonongeke kungakhale kulakwira mwambowo. Zomwe zili kale mu myuziyamu, monga ku Chamare pa Mua ku Malawi, ndi nkhani ina. Ngakhale pamenepo, mwaye, thukuta ndi fumbi la pabwalo si litsiro loti mutsuke, ndi mbiri yake. Yemwe angaone, angagwire kapena angajambule amanena ndi amfumu eni mzinda ndi akuluakulu a kudambwe, osati digiri. Inu monga mayi mudzapeza zina zomwe simudzaloledwa; mulembe zimenezo mu ndondomeko yanu ya kafukufuku poyambirira, aphunzitsi abwino amazilemekeza. Koma pa zojambula zoyera zokhudza chinamwali, khomo lomwe amuna amaima panja inu mudzalowa.

Za m'mapanga, kokaphunzirira kwapafupi ndi Chongoni ku Dedza, tsidya la malire pomwepa, malo 127 omwe UNESCO inawalemba mu 2006. Zofiira zija zimatchulidwa kuti n'za Akafula, zoyera za dothi n'za Achewa, ndipo mwambo womwewo unafalikira mbali yathu ino. Mestrado yake imadutsira ku Arqueologia. Ku yunivesite ya Wits mu Johannesburg kuli Rock Art Research Institute. Pa mwala, kuteteza n'kusakhudza. Anthu amathira madzi kuti chithunzi chiwale pojambula, koma madziwo amasungunula dothi loyera n'kukoka mchere mu mwala, pouma pamatsala chikanga choyera chophimba chithunzicho. Kuzungulira ndi choko, kusonkha moto m'phanga, ng'ombe zodzikanda pakhoma, zonsezi zimaononga. Ndipo musachotse kanthu pamalopo, ngakhale kaphale. Lei 10/88 imateteza chuma chimenechi, ndipo Decreto 27/94 imafuna chilolezo pa ntchito iliyonse ya arqueologia. Yambirani ku ofesi ya za chikhalidwe ya distrito, kenako ya província, mutadutsa kaye kwa amfumu a dera.

Nangondo_Moatize

Paraloid m'ma ferragem simumupeza. Amaitanitsidwa kwa ogulitsa zipangizo za conservação ku Portugal kapena South Africa. Gulani wa timibulu, osati wosungunula kale, poti timibulu si tamadzi ndipo timayenda bwino mu katundu. Magalamu 250 akukwanirani nthawi yaitali. Acetona ikhale yeniyeni ya ku labu kapena ku farmácia. Yochotsera utoto wa zikhadabo imakhala ndi madzi ndi mafuta, guluu amachita mbuu ndipo sagwira. Posungunula, mangani timibulu mu kansalu kopyapyala, mukalendeweretse mu botolo lagalasi kangokhudza acetona pamwamba, mutseke zolimba mpaka mawa. Mukangotithira pansi pa botolo timagwirana n'kukhala chibuma chomwe chimatenga masiku kuti chisungunuke. Pa botolo lembani dzina, kuchuluka kwake ndi tsiku, ndipo muike chizindikiro pomwe madziwo afika, kuti acetona ikauluka mudziwe yowonjezera.